Molybdenum ndi malaiti athu

...ndiye ndikuwerenga pafoni kuti akatswiri akuyesa kutulutsa chitsulo chotchedwa molybdenum m'miyala pogwiritsa ntchito magetsi, m'malo mowotcha mwalawo n'kumafukiza utsi wa sulfure. Chonsecho kuno ku Chongwe malaiti anapita m'mawa, foni yatsala pang'ono kuzima, kikiki.

Komatu nzeruyi si yachilendo m'Zambia muno. Ku Nchanga, ku Chingola, akhala akukolola mkuwa chonchi kuyambira m'ma 1970: amausungunula ndi asidi, kenako magetsi amaukoka n'kuumata pa mapuleti. Koma molybdenum ngwamakani. M'madzi salola kumatirira bwinobwino, n'chifukwa chake ena akuyesa m'mchere wosungunuka ndi moto. Payekha kuti asungunuke, mpaka madigiri 2,623!

Chandidabwitsa n'chakuti ku Chile amamupeza m'migodi ya mkuwa n'kumalimbitsira zitsulo, pamene soya ndi nshawa zathu zimamufunanso, pang'ono chabe, kuti timatuza ta kumizu tija tigwire ntchito.

Nanga anzanga a ku Kopala, mafakitale oterewa akadya magetsi a ku Kariba, ife tidzaphikira chiyani? Makala omwewa?