Phala la Agogo a kwa Dzoole



Mu June 2023, madrasa athu atatsekera, tinanyamuka ku Salima pamodzi ndi mayi a kunyumba ndi khanda lathu la miyezi inayi, kukaona mlamu wathu amene amagula mtedza ndi soya m'dera la Mfumu Dzoole, m'boma la Dowa. Amene sanayendepo njira imeneyi adziwe kuti galimoto ikangoyamba kukwera mapiri a ku Mvera, thukuta la kunyanja limauma pomwepo. Pofika pa Chezi, pamene tinasiya msewu wa ku Lilongwe, mayi anali atamufunditsa kale mwana nsalu ziwiri. Tinadutsa pa boma la Dowa ndi pa Dzaleka, pamene pakhala msasa wa othawa kwawo kuyambira 1994, n'kutulukira mumsewu waukulu wopita ku Mponela. Kuchoka pa Mponela linali fumbi lokhalokha, tili pa njinga zamoto za kabaza.

Kwa Dzoole ndi dziko la zitunda ndi madambo. Zigafa za fodya zinali zitatsala zopanda kanthu, koma pakhomo lililonse amayi anali atazungulira mulu wa mtedza akuthothola. Anthu ake ndi Achewa, ena a mpingo, ena a Gule Wamkulu, ndipo Asilamu ndi owerengeka. Usipa umene kwathu timatapa ndi mbale, kumeneko amaugulitsa timilu toti mungawerenge ndi zala.

Usiku woyamba mwana wathu analira kwambiri, mwina chifukwa cha kuzizira. Kutacha, agogo eni nyumba imene mlamu wathu amachita lendi anafika ndi kambale ka phala la ufa woyera, lamadzimadzi, lothira shuga pang'ono. Anagwada pakhomo nati kwa mayi a kunyumba, "Mwana wanga, kamwanaka kamva njala. Bere lokha silingakagoneke. Anga onse ndinawayambitsa phala asanakwanitse miyezi itatu, suwaona ndi zimphona?"

Kunena zoona tinatsala pang'ono kulandira. Pajatu mawu omwewa anali atatiuza kale amayi athu otibereka tisananyamuke kunyanja, ndipo munthu amene sanagone usiku wonse savuta kumukopa. Mayi a kunyumba anathokoza ndi manja awiri, nati mwana wangoyamwa kumene, ndipo phalalo tinamwa ife.

Tsiku lotsatira kunali sikelo ya m'mudzi, pansi pa mtengo wa mango, ndipo agogowo anatiperekeza chifukwa anali ndi chidzukulu chawo choti chikayezedwe. Mlangizi wa zaumoyo anakoloweka sikelo panthambi, nayamba kuphunzitsa za kuyamwitsa mwakathithi: bere lokha, popanda madzi, phala kapena mankhwala azitsamba, mpaka mwana akwanitse miyezi 6. Kale achipatala ankati miyezi 4 mpaka 6, koma mu 2001 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa miyezi 6, choncho agogo athu akamadabwa tisawaseke. Zifukwa zake ndi zomveka. Phala lamadzimadzi limadzaza kamimba ka khanda koma mphamvu zake n'zochepa kuyerekeza ndi mkaka wa m'mawere. Mwana akakhuta madziwo amayamwa pang'ono, ndipo bere likamayamwidwa pang'ono mkaka nawonso umachepa. Kuonjezera apo, madzi a pachitsime ndi kapu yosatsuka bwino ndiyo njira imene matenda otsegula m'mimba amalowera.

Koma chimene chinatikhudza kwambiri ndi zimene agogowo anatiuza pobwerera. Anati, "Aphunzitsi, mwabwera nthawi ya mtedza, mukuona ngati kuno n'kwa mwanaalirenji. Mudzabwere mu January. Mayi amalawira kumunda kapena kuganyu kusanache, amadya kamodzi madzulo, mwana amusiyira ine. Akalira ndimupatse chiyani? Bere langa linauma kalekale."

Tinasowa choyankha. Tinkaganiza kuti phala lofulumira ndi umbuli, koma apa tinaona kuti kawirikawiri limayamba chifukwa mayi sali pafupi, kapena watopa ndipo ali ndi njala. Kwathu kunyanja n'chimodzimodzi. Mayi amakhala padooko kudikira asodzi, kenako pathandala kuyanika usipa, kapena m'munda wa mpunga madzi ali m'mawondo, khanda lili ndi mkulu wake wa zaka 8.

Apa tinakumbukira ndime imene timaphunzitsa kumadrasa chaka ndi chaka. Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-Baqarah ndime 233, imaika nthawi yoyamwitsa pa zaka ziwiri zathunthu kwa amene akufuna kukwaniritsa, ndipo achipatala nawonso amati mwana apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri ngakhale atayamba kudya. Ambiri mwa ife abambo timathera pomwepo. Koma ndime yomweyo imaika udindo wa chakudya ndi zovala za mayi woyamwitsa pa bambo wa mwanayo, ndipo imati kusiyitsa bere kukhale kogwirizana ndi kokambirana pakati pa awiriwo. Tsono bambo amene wagulitsa nsomba zonse padooko osasiyako ya pakhomo, kapena wamutuma mkazi wake kumunda khanda lili ndi miyezi iwiri, asamaloze chala agogo akaphika phala. Ifenso tinadzifunsa kuti pa miyezi inayi ija tinatungako madzi kangati, ndipo yankho lake sitilemba pano.

Tinenenso pang'ono za tahnik, poti ena amafunsa. Kupaka kachidutswa ka tende wofewetsedwa m'kamwa mwa khanda lobadwa kumene ndi sunnah ya Mtumiki (S.A.W), koma ndi kolawitsa chabe, kamodzi, sikuti ndi chilolezo choyambira chakudya. Ndipo amene asowa tende asagwiritse ntchito uchi, chifukwa uchi ndi woopsa kwa mwana wosakwana chaka.

Miyezi 6 ikakwana, kuchedwa nakonso n'kulakwa, pakuti bere lokha silikwaniranso. Muwerengere pa tsiku lolembedwa m'buku la kusikelo, ndipo mudzaona mwana akulimba khosi, akukhala mukamuchirikiza, akulondola dzanja lanu ndi maso pamene mukudya. Mlangizi uja anatunga phala ndi supuni n'kuipendeketsa. Likayenderera ngati madzi, anati, mwana wanamizidwa. Likhale lolimbirako, la mgaiwa osati ufa woyera, masupuni awiri kapena atatu, kawiri kapena katatu patsiku, n'kumaonjezera akamakula. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo vutoli limakula kwambiri pa msinkhu umenewu wa phala.

Pa zothira m'phalamo, anthu a kwa Dzoole anatiposa. Amakazinga soya n'kumugayitsa pamodzi ndi chimanga, monga muja limapangidwira Likuni Phala, kapena amathiramo nsinjiro. Agogo aja anatiphunzitsa kusankha mtedza umodziumodzi, n'kutaya wonse wofota ndi wachuku, chifukwa chuku cha mtedza chili ndi poizoni amene satha ngakhale mukazinge. Ife tinawaonetsa zakwathu: kukazinga usipa wouma pang'ono, kuusinja ndi mitu ndi minga yomwe, n'kusefa. Anaununkhiza ufawo nati mwana wa Mchewa sangaulandire, koma anausunga m'kabotolo.

Potsanzikana anatipatsa kathumba ka mtedza wosankha kale, ife tinawasiyira usipa umene unatsala.

Mu August, mwana atakwanitsa miyezi 6, mayi a kunyumba anaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro za kwa Dzoole. Amayi athu ndiwo anagwira supuni. Anati Bismillah, namupatsa. Mwana anakwinya nkhope n'kulavulira pa mpango wa agogo ake. Tsiku lachitatu anamaliza masupuni awiri, nalirira lachitatu.