Kuchoka ku Mzuzu kukafika pa madzi otentha a ku Chiweta

Minibasi ya ku Karonga inanyamuka pa depoti ya Mzuzu chifunga chisanachoke, aliyense atadzikuta chitenje kapena jekete. Titafika ku Luwinga tinadutsa chipatala chachikulu cha Mzuzu Central. M'labotale ya pamenepo amayeza kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi pogwiritsa ntchito njira ya PCR, yomwe imatenthetsa DNA mobwerezabwereza. Njirayi inafala chifukwa cha bakiteriya wotchedwa Thermus aquaticus, amene Thomas Brock anam'peza m'ma 1960 m'akasupe otentha a ku Yellowstone, ku America. Puloteni ya bakiteriyayu yokopera DNA siiwonongeka ndi kutenthako.

Ife akasupe otere tili nawo pakhomo. Tinapitirira Ekwendeni ndi Phwezi, n'kutsika chitunda chokhotakhota chija nyanja ikuoneka m'munsi, mpaka ku Chiweta, m'boma la Rumphi.

Fungo ndilo linayamba kutilandira, la sulufule. Madzi amatumphuka pansi nthunzi ili tolotolo, atatentha kupitirira madigiri 70. Ndinanjuta cha kumunsi komwe ayamba kuzizirako. Pamiyala panali ndere zoterera, ndipo kamtengo kamene ndinakhudzira nako kanatuluka katamatirira ulusiulusi. M'madzi oti dzanja silingapirire muli zamoyo.

Chimene chimandigwira mtima ndi mmene tizilombo tokonda kutentha timakhalirana. Timaswana pongogawikana pawiri, koma majini, malangizo a moyo olembedwa mu DNA, timapatsana ngakhale tisali pachibale, monga anansi amapalirana moto. Thermus thermophilus, wa m'akasupe a ku Japan, amakoka zidutswa za DNA zoyandama m'madzi n'kuzilumikiza ku yake. Tizilombo ta Sulfolobus, cheza cha dzuwa chikawononga DNA yawo, timaunjikana n'kupatsana zidutswa zabwino zokonzera pomwe paduka. Mu 1999, akatswiri atawerenga DNA yonse ya bakiteriya wotchedwa Thermotoga maritima, anapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a majini ake likufanana kwambiri ndi a gulu lina lakutali, lotchedwa archaea.

Inu ophunzira sayansi pa yunivesite ya Mzuni, Chiweta ndi ulendo wa maola ochepa chabe. Tengani mabotolo, mukatunge madziwo, mutiuze mayina a tizilombo tathu.