Kalata kwa Mphwanga Amene Akukayamba Uphunzitsi kwa Changata

Wokondedwa mphwanga,

Uthenga wakuti unduna wa zamaphunziro watumiza mphwake kukaphunzitsa pa sekondale yoyendera ya kwawo, m'dera la Mfumu Changata m'boma la Thyolo, wamufika mkulu wake, wolemba kalatayi, ndipo waulandira ndi chimwemwe chachikulu chimene sichikusowa nkhawa, pakuti aka n'koyamba kuti mwana wa m'banja lawo aime kutsogolo kwa kalasi pamalo pamene makolo ake anaumbapo njerwa. Funso limene mphwakeyo anafunsa, lakuti n'chifukwa chiyani aphunzitsi sakhalitsa pasukulupo, silingayankhidwe m'mawu awiri, chifukwa mizu yake ili m'mbiri ya nthaka, ya tiyi, ndi ya sukulu za mtundu umenewu m'dziko lonse.

Maphunziro anachedwa kufika kwa anthu wamba a m'deralo chifukwa nthaka inali itapita kale. Pamene Alomwe ambiri ankawoloka kuchokera ku Mozambique kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pothawa njala ndi nkhanza za Apwitikizi, anapeza malo achonde a Thyolo ali m'manja mwa azungu a minda, ndipo ankaloledwa kukhalapo mwa dongosolo la thangata, lomwe linkafuna kuti munthu wokhala pamalo a mzungu azilipira malowo pomugwirira ntchito, makamaka nyengo ya dzinja pamene munda wakewake unkafunanso khasu. Minda monga ya Satemwa, imene Maclean Kay anayamba mu 1923, ndi ya banja la Conforzi lochokera ku Italy, inakula m'nthawi imeneyo, ndipo mwana wa m'mudzi ankafunika kumunda asanadziwe n'komwe kulemba dzina lake. Mkwiyo wa nkhani ya malo ndi wa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland unaphulika m'zipolowe za mu Ogasiti 1953, zimene zinayambira ku Thyolo komweko, ndipo thangata linathetsedwa mu 1962, koma nthaka yambiri inakhalabe ya maesiteti. Agogo awo aamuna anamwalira akudandaulabe za kapitawo wina amene anawatengera ana awiri m'kalasi kuti akapalire tiyi, ndipo dandaulo limenelo silinachoke m'banjamo.

Sukulu imene inalipo poyamba inali ya mishoni. Mu 1902 mpingo wa Seventh-day Adventist unagula mishoni ya Plainfield, pafupi ndi Makwasa, imene Joseph Booth anaikhazikitsa, ndipo unaipereka m'manja mwa Thomas Branch, m'busa wakuda wochokera ku America, yemwe mwana wake Mabel ankaphunzitsa ana pamenepo. Dzina lakuti Malamulo linabwera mu 1907. Kumeneko n'kumene malume awo aakulu anaphunzira makalasi ochepa, amene anali okwanira kuti akhale wowerengera mudzi wonse makalata ochokera kwa amuna opita ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku Salisbury. Za sekondale, komabe, zinali nkhani yakutali, poti yoyamba m'dziko lonse, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940, ya Zomba Catholic mu 1942, ndi ya Dedza mu 1951, moti mwana wa wotchola tiyi amene anapezako malo anali mmodzi mwa anthu owerengeka.

Sukulu imene mphwake akukaphunzitsako inachokera ku muzu wina. Mu 1965 boma linakhazikitsa Malawi Correspondence College, sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata ndi pa wailesi, kuti ana okhoza mayeso a Sitandade 8 koma osasankhidwa kupita ku sekondale asangokhala pakhomo. Mu 1987 inasintha dzina n'kukhala Malawi College of Distance Education, ndipo anthu ankangoti MCDE. M'midzi munatsegulidwa malo amene ana ankasonkhana kuti awerenge maseti, omwe anali timabuku ta maphunziro tosindikizidwa ku Blantyre, moyang'aniridwa ndi mphunzitsi wobwerekedwa ku pulayimale. Boma linkapereka mphunzitsiyo ndi mapepalawo, koma makoma, denga ndi zimbudzi zinali za makolo. Apa ndi pamene banja lawo linalowerera, chakumapeto kwa ulamuliro wa Kamuzu Banda: bambo awo ankaweruka ku fakitale ya tiyi n'kupita kukaponda dothi, mayi awo ankatunga madzi kudambo ndi amayi anzawo mpaka mikono kuwawa, ndipo uvuni woyamba unawotchedwa ndi nkhuni zimene mbumba yawo inasonkha. Mkulu wake, amene panthawiyo anali mnyamata wosenza njerwa pamutu, saiwala kuti tsiku lotsegulira midadada iwiri ya makalasi anatchulidwa mayina a alendo obwera pa galimoto okhaokha, osatchulako ngakhale mudzi umodzi mwa imene inagwira ntchito. Saiwalanso kuti ndalama zamalata zimene makolo anasonkha kachiwiri zinathera m'manja mwa munthu wina wa m'komiti, amene anasamuka mwakachetechete osafunsidwa ndi aliyense, ndiponso kuti patangopita nthawi pang'ono mlongo wawo anabwezedwa pasukulu yomweyo chifukwa cha fizi ya teremu imodzi, ndipo sanabwererenso. Izi sizikulembedwa kuti mphwake akalowe pachipata ali ndi mangawa mumtima, koma kuti akadziwe kuti makolo amene adzaoneke ouma mtima pa nkhani ya zosonkhasonkha ali ndi zifukwa zawo.

Zinthu zinasintha mofulumira mu 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Khamu limenelo linkayenera kudzafika pakhomo la sekondale, choncho mu 1998 boma linalamula kuti malo a MCDE asanduke ma Community Day Secondary School, kutanthauza sekondale zoyendera zimene boma limayendetsa mothandizana ndi anthu a m'deralo. Dzina linasintha, koma aphunzitsi anali omwe aja a satifiketi ya pulayimale, amene tsopano anapatsidwa Biology, Physical Science ndi masamu a Folomu 4 popanda labotale, popanda laibulale, nthawi zina ndi buku limodzi la mphunzitsi yekha. Koleji ya Domasi, imene inayamba kuphunzitsa aphunzitsi a sekondale mu 1993, ndi ya Nalikule, imene inatsegulidwa mu 2017, zathandiza kuchepetsa vutoli, ndipo ambiri mwa aphunzitsi akale aja anakawonjezera maphunziro mpaka kupeza dipuloma. Anthu amenewo sayenera kunyozedwa ndi wachinyamata wobwera ndi digiri, chifukwa ndiwo anagwira sukuluzi pamene panalibe wina wofuna kuzigwira, ndipo mphwake akawapeze ndi ulemu wa mwana kwa akulu ake.

Tsono chifukwa chimene aphunzitsi sakhalitsa chikuonekera pamenepa. Wophunzira bwino akangofika amapeza kuti nyumba za aphunzitsi n'zochepa, kuti ayenera kuchita lendi kanyumba kutali, ndiponso kuti, mosiyana ndi madera ena kumene mfumu imabwereka mphunzitsi munda woti alimepo chimanga, kwa Changata malo oterowo kulibe, poti eni mudzi omwe akulima m'zitunda zotsetsereka pamene tiyi wazinga ponseponse. Malipiro akachedwa amagwa m'manja mwa a katapila, obwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja chachikulu, ndipo posakhalitsa amayamba kuyendera maofesi a Shire Highlands Education Division, amene amayang'anira sekondale za ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, kukapempha kusamutsidwa. Wa sayansi ndi masamu ndiye amachoka msanga, chifukwa sukulu zogonera ndi zomwe si zaboma zimamufuna. Akachoka pakati pa chaka, ana a Folomu 3 amakhala miyezi osaphunzira phunzirolo, ndipo wobwera m'malo mwake amayambira pamene iye akuganiza, osati pamene anawo analekezera. Nawonso mahedi, aphunzitsi aakulu, akamasinthasintha, aliyense amabwera ndi chitukuko chake: wina anayamba holo n'kuisiya pa mawindo, womutsatira anaiona ngati ntchito ya mnzake n'kuyamba mpanda, ndipo njerwa za makolo zinangomera ndere.

Za kumudzi nazo mphwake azidziwe asanafike, pakuti adzazipeza zikumudikira. Msuweni wawo uja amene anasiyira Folomu 2 n'kupita ku Joni wabwerako ndi njinga yamoto, akuchita kabaza pakati pa Makwasa ndi ku boma, ndipo anyamata a pasukulupo akumuona ngati chitsanzo, pamene ngongole imene anasiya popita sanabwezebe, ndipo azakhali ake sakumuyankhula. Mkangano wa munda wa kumtsinje pakati pa mayi awo aang'ono ndi ana a malemu malume unafika kwa nyakwawa, ndipo mwinimbumba akuzengereza kuweruza chifukwa mbali zonse ziwiri ndi zake. Nthochi, zimene kale zinkalipirira ana ambiri sukulu ndipo zinkadzaza malole opita ku Limbe, zinatha ndi matenda a chisaka, moti mabanja amene ankadalira mikoko yawo tsopano akudalira ganyu wotchola tiyi nyengo ya mvula, yomwenso ndi nyengo imene ana amajomba kwambiri. Mphwake asalowerere nkhani ya munda ija ngakhale atamuitana monga munthu wophunzira, chifukwa ana a mbali zonse ziwiri adzakhala m'kalasi mwake.

Kubwerera ku za sukulu, zopambana zake zilipo ndipo siziyenera kuyezedwa ndi muyezo wa Kamuzu Academy. Mayeso a MSCE, amene bungwe la MANEB limalembetsa kumapeto kwa Folomu 4, amawerengedwa ndi mapointi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa, ndipo mapointi akachepa ndiye kuti wakhoza kwambiri, moti 6 ndiwo mathero. Ana okhoza kwambiri Sitandade 8 amatengedwa kale ndi sekondale zogonera, ndipo yoyendera imalandira otsala, amene amayenda mtunda wautali m'mamawa wozizira wa ku Thyolo, ambiri osadya kanthu. Mwana wotere akapeza mapointi omulowetsa ku koleji ya uphunzitsi, ya unamwino ku Malamulo, kapena ku yunivesite ya MUST imene inatsegulidwa ku Ndata m'boma lomwelo mu 2014, ntchito imene yagwiridwa ndi yaikulu kuposa ya sukulu imene inalandira ana osankhika kale. Zaka zimene pasukulupo panatuluka ana otere n'zomwe aphunzitsi angapo anakhala limodzi kuyambira Folomu 1 mpaka Folomu 4 ya gulu limodzi, akudziwa mwana aliyense ndi khomo limene amachokera, ndipo ichi mkulu wake akuchinena motsimikiza, chifukwa mphwake yemweyo ndi chipatso cha zaka zoterozo.

Mavuto a posachedwa sanaisiye sukuluyo. Mayeso a JCE a Folomu 2 anathetsedwa pambuyo pa 2016 n'kubwezeretsedwa mu 2021. Sukulu zonse zinatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo atsikana ambiri sanabwerere, ena ali ndi pakati, ena atakwatiwa. Chaka chomwecho MSCE inaimitsidwa pakati chifukwa cha likasa, kutanthauza mafunso obedwa mayeso asanalembedwe, ndipo ana analembanso mu Januwale 2021. Kenaka namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula nyumba ndi milatho m'chigawo chakummwera, sukulu n'kutsekedwanso. Pa nkhani ya likasa mphwake akhale wouma khosi, ngakhale kholo litabwera ndi nkhuku, pakuti mphunzitsi wogwidwa amataya ntchito ndi dzina, ndipo ana osalakwa amavutikira limodzi. Pa nkhani ya atsikana akumbukire kuti lamulo lolola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu lilipo kuyambira 1993, koma limagwira ntchito pokhapokha mphunzitsi wina atapita yekha kukakamba ndi makolo ndi mwinimbumba. Asamaitanire mtsikana wa sukulu kunyumba kwake, ngakhale kukatunga madzi kapena kukasesa, makamaka awo ochita lendi pafupi ndi sukulu popanda kholo lowayang'anira, chifukwa aphunzitsi abwino ndithu anagwera pamenepo. Sukulu yamasana imene amati Open, ya ana olipira okha amene sanasankhidwe, idzamupatsa kandalama kowonjezera, ndipo palibe choipa pamenepo, malinga asafike m'kalasi yam'mawa atatopa kale kapena kusungira olipirawo zabwino.

Pempho la mkulu wake n'lakuti mphwake asapemphe kusamutsidwa gulu limene alipeze mu Folomu 1 lisanalembe MSCE, ngakhale anzake a ku koleji atamuitanira ku Blantyre, ndipo ngati adzachoke, adzasiye m'manja mwa ahedi kaundula womveka wa pamene phunziro lililonse lafika. Akafika akayambe waonekera kwa nyakwawa ndi kwa wapampando wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi teremu isanatsegulidwe, ndipo ndalama iliyonse ya makolo imene idzadutse m'manja mwake ikhale ndi lisiti. Za nyumba, mlongo wawo wanena kuti chipinda chakumbuyo chilipo mpaka malipiro oyamba atatuluka, ndipo ndalama ya ulendo ndi ya matiresi mkulu wake adzatumiza pa foni mwezi ukatha. Alamu ake ndi ana akupereka moni.

Wolemba ndi mkulu wake, ku Limbe.