Mpata umene wina anadzaziratu

Ine ndimaphunzira za ziyankhulo, koma pali kachizindikiro ka akatswiri a makina kamene kakhala kakundizunguza mutu: $(MAX=10). Kamapezeka mu EPICS, pulogalamu yoyendetsera makina akuluakulu ofufuzira za sayansi. Inayambira ku Los Alamos ndi Argonne ku America, ndipo lero akuigwiritsa ntchito ku Diamond Light Source ku England komanso ku ITER ku France.

Kumalo oterewa kumakhala zipangizo zofanana zambirimbiri, monga zopereka magetsi ku maginito. Palibe amene angalembe malangizo a chilichonse pachokhapachokha. Amalemba chikalata chimodzi chokhala ndi mipata, ngati fomu, ndipo poyenera dzina la chipangizo amaikapo $(P). Mipatayi amaitcha ma macro. Pulogalamu ikamayamba, lamulo la dbLoadRecords limawerenga chikalatacho n'kulowetsa dzina lenileni paliponse pamene pali $(P).

Ukaiwala kupereka P, pulogalamu imadandaula ndipo umadziwa pomwepo. Koma wolemba chikalata akaika $(MAX=10), ndiye kuti wagamuliratu: munthu akapanda kutchula MAX, palowe 10. Apa sipamveka dandaulo lililonse.

Ubwino wake ndikuuona. Chikalata chakale ungachiwonjezere mpata watsopano osasokoneza anthu amene akuchigwiritsa kale ntchito. Chondidetsa nkhawa n'chakuti 10 uja anamusankha munthu amene ankaganizira chipangizo chake, mwinanso anachoka kalekale pa ntchitopo. Ngati MAX ndi malire a mphamvu yopita ku chipangizo, pomwe chatsopanocho chimangopirira 5, kuiwala kwa munthu wotopa usiku kumasanduka chilolezo, ndipo palibe amene wasainira.

Palinso kena kamene kamandisangalatsa monga wophunzira chiyankhulo. Kulemba MAX= popanda nambala n'kosiyana ndi kusatchula MAX. Pamenepo wayankha ndithu, kungoti yankho lako ndi lopanda kanthu, choncho 10 salowanso. M'kalasi timakangana za kusiyana kwa munthu wokhala chete ndi woyankha kuti palibe, koma makinawa anasankha kale mbali.

Maganizo anga ndi akuti yankho loikiratu likhale pa zinthu zosapweteka, monga mawu ofotokoza chipangizo kapena kuti chiziwerengedwa kamodzi pa sekondi. Pa malire a mphamvu, ndingakonde mpata ukhale $(MAX) basi, kuti pulogalamu idandaule mpaka amene akuchidziwa chipangizocho alembe nambala yekha.