Pogona pa mfuti

Ife a m'komboni timadziwa mfuti za m'mafilimu, zimene siziphonya. Ya amalume anga, amene amasaka ndi laisensi ku Lupande pafupi ndi Mfuwe, ndi citsulo cogona m'thabwa. Dzinja thabwalo limafufuma, mu October limauma n'kufota. Citsulo cikayamba kugwedela mkati, ngakhale pang'ono ngati tsitsi, cipolopolo ciliconse cimalowela kwake.

Ndiye amaciyalila pogona, ine nditawagwilila tochi. Amamasula masikuluwu, n'kupala thabwa pamene citsulo cimakhala, makamaka kumbuyo kwa kadzino kamene kamalandila mphamvu mfuti ikalila. Amathilamo epoxy. Citsuloco amacipaka polishi wa nsapato, apo ayi cingamatilile mpaka kalekale. Akacibwezela, amadikila tsiku lathunthu, osacigwila. Mpope wokha suyenela kukhudza thabwa: amalowetsa K20 pansi pake, iyende osakodwa.

Amalume salankhula zambili pa nchitoyi, koma cimene amaopa ndimacidziwa. Njati yolasidwa mwendo siifa msanga. Imabisala m'tsekela, ndipo amene adzakumana nayo m'mawa ndi mayi wopita kukatunga madzi.