Geji yonama imadya matayala

Masiku ano m'mbali mwa Great East Road anyamata opopa matayala achuluka. Munthu akangopeza kakompresa ndi geji ya pulasitiki ya ku Kamwala, n'kuimika tayala lakutha pamsewu, basi nayenso ndi mmisiri. Kudya tonse timafuna, sindikukana. Chimandiwawa n'chakuti galimoto ikachoka kwa iwo n'kufika kwa ine kuno ku Kabwata, tayala lililonse limakhala ndi mpweya wakewake, mwini galimoto n'kumalumbira kuti onse apopedwa 32 psi.

Kumata ndi kupopa si nkhani. Ntchito yagona pa geji. Mkati mwa geji yasingano muli kachubu kamkuwa kopindika. Mpweya ukalowa kamawongoka pang'ono n'kukankha singano. Ikagwa pasimenti, ngakhale kamodzi, ikhoza kuyamba kunama mpaka kalekale, ndipo singano ikaleka kubwerera pa ziro musaikhulupirirenso. Yapensulo ndi yolimba, koma fumbi la mu Ogasiti likalowa, kandodo kake kamakakamira panjira. Nanga ija ya papaipi, yokhwekhwerezedwa pansi tsiku lonse, yomwanso madzi a m'thanki ya kompresa yosakhetsedwa?

Amene anandiphunzitsa anali mdala wa ku Chipata, ndipo tinkagwirira chakufupi ndi msika wa Soweto. Anali ndi geji imodzi imene sinkagwira ntchito ya makasitomala. Ankaikulunga m'kachidutswa ka chitenje n'kuitsekera m'chitini. Lolemba lililonse m'mawa ankatenga tayala la sipeya, kuliyeza ndi geji yam'chitiniyo, kenako ndi zathu zonse, imodziimodzi. Yosiyana ndi 2 psi ankaiphwanya ndi hamala ife tikuona, kuti wina asaitole. Madalaivala a minibasi akamenya tayala ndi sipanala n'kunena kuti lakhuta, mdalayo ankangoti, "Mwana wanga, mwanyamula anthu, khutu siliyeza mpweya." Ndinatha miyezi ndikungosesa ndi kukhetsa madzi m'kompresa asanandilole kugwira chitinicho. Lero nane ndili ndi changa.

Makasitomala nawo amatopetsa. Abwana a ku Kabulonga kapena ku Woodlands amabwera ndi Land Cruiser, tayala limodzi la ndalama zambirimbiri, koma pa kandalama kopopera timayamba kukangana. Ena amaloza nambala ya pambali pa tayala kuti ndipope mpaka pamenepo, pomwe imeneyo ndi malire a tayalalo. Nambala yoyenera ili pakapepala ka pachitseko cha dalaivala. Magalimoto ochokera ku Japan amalemba mu kPa: 220 kPa ndi 2.2 bar, pafupifupi 32 psi. Wina amachoka ku Chelstone masana a mu Okutobala, phula likutentha, geji n'kuonetsa 3 kapena 4 psi pamwamba, ndiye akuti phwetsani. Ndimakana. Tayala likatentha mpweya umakwera, likazizira umabwerera pake. Mukaphwetsa pamenepo, mawa m'mawa muyenda ndi tayala lofewa, limene limadyeka m'mphepete, limamwetsa mafuta, ndipo paulendo wautali likhoza kuphulika. Lopopa mopitirira limadyeka pakati.

Gulani geji yanu yabwino, muziisunga m'kabokosi ka m'galimoto, muziyeza m'mawa musanayende, kamodzi pamwezi, sipeya osaiwala. Mukaikayikira, bwerani nayo tidzaiyerekeze ndi yam'chitini, zimenezo sindilipiritsa.