Mdima Suli Umodzi

Anzanga acinyamata, ndikufunseni funso looneka ngati la ana: kodi muli ndi mau angati onenera mdima? Ambiri a ife amene tinakulira m'makomboni a Lusaka tili ndi awiri cabe. Pa Cinyanja timati "mdima", pa Cingelezi timati "dark". Zikanyanya timangoonjezera "maningi" kapena "very". Ine ndikuti mau awiriwa ndi ocepa. Mdima uli wa mitundumitundu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mankhwala ake. Wosadziwa dzina la mdima umene alimo amayatsa nyali pamene anafunika kungodikira, kapena amadikira pamene anafunika kufunsa.

Tiyambe ndi mdima umene tonse tiudziwa. Mu 2024 mvula inakana, madzi anacepa m'damu la Kariba, ndipo magetsi anali kuthima maola ambiri tsiku lililonse. Amene munali ku Kanyama, ku Chawama kapena ku George mukumbukira usiku wopanda mwezi, pamene munthu sunali kuona ngakhale dzanja lako. Mdima wotere Azungu amati "pitch dark". "Pitch" ndi phula lakuda longa lija la pa mseu. Makolo athu anaupatsa dzina loposa pamenepo: mdima wa ndiweyani, cifukwa ukakumana ndi munthu pa njira, ngakhale akhale mlongo wako, uyenera kuyamba wafunsa. Koma mwana wa Grade 12 amene anali kuwerenga ndi kandulo, koloboi kapena kuwala kwa foni sanali mu "dark". Iye anali mu "dim". Kuwala kunalipo koma kocepa, zilembo zinali kuoneka mwa cizimezime. Wa mu "dark" afunika moto. Wa mu "dim" moto ali nao kale, afunika kuusendeza pafupi.

Palinso mdima umene umabwera ndi nthawi. "Twilight" ndi kuwala kotsala dzuwa litalowa, kapenanso kuwala koyamba lisanatuluke. "Dusk" ndi ya madzulo okha, pamene kuwalako kuli pafupi kutha. Ife timati cisisira madzulo, m'bandakuca m'mawa. Kuno ku Lusaka cisisira sicikhalitsa, sicikwana ndi theka la ola lomwe. Ndico cifukwa amai akakutumani ku msika wa Mtendere dzuwa litapendeka amati "thamanga". Mankhwala a cisisira ndi kufulumira. Mankhwala a m'bandakuca ndi kudekha, pakuti kuca kuli pafupi. Onse awiri amaoneka cimodzimodzi, koma wina akupita ku usiku, wina ku usana.

Nanga "shade" ndi "shadow"? Apa Cinyanja ndi Cingelezi zigwirizana bwino. "Shade" ndi mthunzi, pamene timathawira dzuwa la Okutobala. "Shadow" ndi cithunzithunzi, cija cimakutsatira ndipo cili ndi maonekedwe ako. Pa Cilatini mthunzi ndi "umbra", ndipo kumeneko ndiko kunacokera dzina la ambulera imene agogo amafunda popita ku chalichi. Akatswiri a zakuthambo amagwiritsa nchito liu lomweli pofotokoza kadamsana. Funsani makolo anu za pa 21 Juni 2001, pamene mwezi unaphimba dzuwa lonse masanasana ndipo Lusaka inada kwa mphindi zitatu ndi pang'ono. Lusaka inali mu "umbra", pakati penipeni pa mthunzi wa mwezi. Maiko ena oyandikana nafe anali mu "penumbra", m'mbali mwa mthunziwo, ndipo anangoona dzuwa litalumidwa mbali imodzi. Kadamsana wina ndiye anathandiza olemba mbiri kudziwa kuti Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu Novembala 1835, cifukwa akuluakulu anasunga nkhani yakuti tsiku loolokalo kunada usana.

Tsopano tibwere ku liu limene aliyense wa ku Kanyama ayenera kulidziwa: "murky". Awa ndi madzi obvunduka, aja amadzaza m'njira nthawi ya dzinja, osaoneka pansi. Dzuwa lingawale bwanji, simungadziwe ngati muponda pa mwala kapena m'dzenje. Nyali siithandiza apa. Madzi otere amafuna kuwasiya adikhe. Koma cenjerani, madzi odikha ndi oyera m'maso si ndiye kuti ndi abwino kumwa. Kolera ya 2017 mpaka 2018, ndi ija ya 2023 mpaka 2024 imene inacititsa kuti bwalo la National Heroes Stadium lisanduke cipatala, inatiphunzitsa kuwiritsa madzi kapena kuthiramo kolorini. Azungu amanenanso "murky" za malonda osaoneka pansi pake. Wina akakuuzani za nchito ya ndalama zambiri kunja kwa dziko, koma dzina la kampani palibe, adiresi palibe, ndipo akufuna pasipoti yanu lero lomwe, amenewo ndi madzi obvunduka. Musapondemo msanga.

Mau awiri amene amasokoneza ophunzira ambiri ndi "obscure" ndi "vague". Cinthu ca "obscure" cilipo ndithu, koma caphimbika kapena sicidziwika kwa ambiri. Ndiwo mau okuluwika a akuluakulu: tanthauzo lilimo, ufunika wina akumasulire. Buku Lopatulika pa 1 Akorinto 13 linagwiritsa nchito liu lokoma lakuti cimbuuzi ponena za kuona kotereku. Ngakhale kamera ya pa foni yanu inatenga dzina ku "camera obscura", ndiye kuti cipinda ca mdima cokhala ndi kabowo kamodzi, mmene cithunzi ca kunja cimaonekera pa cipupa cadodolido. Koma mau a "vague" alibe tanthauzo lokhazikika. Wolankhulayo sanaganize bwino, kapena safuna kuti mum'gwire pa mau ake. Wa kaloba akati "za ciongoladzanja tidzaona kutsogolo", palibe cakuya cimene wabisa coti mumasulire. Wangosiya khomo lotsegula kuti adzachule mtengo umene afuna. Pa cinthu ca "obscure" funsani kuti, "Kodi izi zitanthauza ciani?" Pa cinthu ca "vague" nenani kuti, "Chulani nambala ndi tsiku, ndipo tilembe."

Kusokoneza mau awa kunapweteka ngakhale Africa yense. Mu 1878 Henry Morton Stanley anatulutsa buku lochedwa Through the Dark Continent. Kwa anthu a ku Ulaya, mkati mwa Africa munali mosadziwika, munali "obscure" kwa iwo. Koma liu lakuti "dark" limanyamulanso umbuli ndi kuipa, ndipo ambiri anamva zimenezo. Pamene anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Congo, umene iye anatsata, anali kudziwa bwino madooko ao, misika yao ndi mafumu ao. Cimbuuzi cinali m'maso mwa mlendo.

Liu lotsiriza ndi "gloom", mdima wa mumtima. Loweruka masana gulu lathu ku Matero limakumana kuthandizana za sukulu, ndipo mau amene ndimamva kawirikawiri kwa otsiriza Grade 12 ndi akuti, "Akulu, zinthu zada." Ndimafunsa kuti zada motani. Mnyamata wina, titakhala pansi, tinapeza kuti anakhoza bwino ndithu, koma mafomu a ku koleji anali kumuopsa ndi Cingelezi cake. Cake cinali cimbuuzi cabe, ndipo cinatha tsiku lomwelo titawerengera pamodzi. Mtsikana wina anali ndi malo ku koleji koma ndalama zosakwana. Wake unali "dim", moto unalipo wofunika kuukoleza. Koma wacitatu analibe bvuto loti angaliloze ndi cala. Tulo sanali kuona, nsima inali kumukanika, ndipo mpira umene anali kuukonda unaleka kumukoma. Uyo ndiye anali mu "gloom". Munthu wotere simumuuza kuti "limba mtima" ndi kucokapo. Mumakhala naye, mumamvetsera, mumauza wamkulu wokhulupirika, ndipo zikapitirira masabata mumam'perekeza ku kiliniki, pakuti matenda a maganizo ali ndi cithandizo monga matenda ena onse. Atatu onsewa ananena mau amodzi. Tikanawapatsa yankho limodzi, awiri akanabwerera kwao osathandizidwa.

Conco ndikusiyirani nchito ya pa msonkhano wanu wotsatira. Tengani dikishonale ndi pepala. Mbali imodzi lembani mau a Cingelezi amene tachula pano, muonjezere "hazy", "faint" ndi "ambiguous". Mbali inayo lembani a Cinyanja, ndipo pamene mwasowa pitani kwa agogo, akakuuzeni kusiyana kwa nkhungu, cifunga ndi utsi. Amene kwanu mulankhula Cibemba, Citonga, Cinsenga kapena Cilozi bweretsani anunso. Mau amenewa adzakometsa nkhani zanu pa mayeso. Ndipo tsiku limene mnzanu adzati "zinthu zada", mudzadziwa funso loyamba kumufunsa.